Thandizeni kumvetsa zotsatira za OCT ndi ERG za mng'ono wanga

Moni nonse pagulu pano, makamaka madokotala a maso ndi inu amene matendawa muli nawo kubanja kwanu. Mng'ono wanga wa zaka 19 amupeza ndi matenda a maso otchedwa retinitis pigmentosa, kunja kukangoda saona, amagunda zinthu zili pambali pake koma masana foni amawerenga bwinobwino. Tinasintha magalasi sizinathandize, mankhwala odontheza m'maso chimodzimodzi, mpaka adokotala anamujambula OCT (chithunzi choonetsa zigawo za retina, kansalu ka kumbuyo m'kati mwa diso kamene kamalandira kuwala) ndi kumuyeza ERG (kuyeza mmene retina ikuyankhira kuwala).

Zomwe ndamva ine n'zoti ma rod, maselo a pa retina amene amatithandiza kuona mumdima ndi m'mbali, ndi amene amayamba kufa, ma cone, maselo oonera masana, a pakati pa macula (kachigawo ka pakati pa retina) amatsalira ndiye n'chifukwa chake akuwerengabe. Pepala la ERG likuti ma rod sakuyankhanso kuwala, ma cone akuyankha mofooka, pomwe OCT ikuonetsa kuti mzere wa ellipsoid zone, umene umaonetsa pomwe maselo oonerawa akadali bwino, watsala pakati pokha, m'mbali unafufutika. Apa ndiye mutu wandiima, tsiku lokaonananso ndi adokotala lili kutali.

Kodi kukula kwa kachigawo katsalako kungatiuze kuti apitiriza kuwerenga kwa nthawi yaitali bwanji? Chinanso, mankhwala a jini a Luxturna, amene bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linavomereza mu 2017, ndi a okhawo amene jini ya RPE65 inaonongeka mbali zonse, ya bambo ndi ya mayi, ndipo pamafunika maselo amoyo akhale atatsalapo, n'chifukwa chake sindikufuna kuzengereza. Ife jini sitinayezetse. Amene munayezetsapo chonde, munayambira pati? Nanga abale akefe tiyezetsenso ngakhale tikuona bwino?