Kachipangizo kochunira gitala kakuwerenga 165 Hz pa nsambo ya 82 Hz

wayawofiira:
Abale, ndikupanga kachipangizo koti kazimva liwu la nsambo ya gitala n'kuonetsa ngati lakwera kapena latsika. Ndalumikiza motere: maikolofoni ya electret, LM358 yokuza mawu ka 100, kenako LM393 yosandutsa funde la mawu kukhala ma pulse, n'kukalowa pa pini 2 ya Arduino Uno. Pulogalamu imawerenga ma pulse a pa sekondi imodzi. Nsambo zing'onozing'ono zikuwerengeka bwinoko, koma yaikulu ya E, yoyenera kupereka 82.41 Hz, ikumadumpha pakati pa 82 ndi 165, mwinanso 247. Vuto lili pa zida kapena mu pulogalamu? Kapena ndingoyamba FFT, njira yogawa mawu m'ma frequency ake?

ohm_zikwikhumi:
Achimwene, manambala anuwo akuulula okha vuto. 165 ndi 82.41 kuchulukitsa kawiri, 247 katatu. Nsambo siitulutsa funde limodzi loyera ayi, imatulutsanso ma harmonic, omwe ndi mafunde a frequency yochulukitsa kawiri, katatu ndi kupitirira apo, ndipo pa nsambo yaikulu yachiwiriyo nthawi zambiri imaposa liwu lenilenilo mphamvu, makamaka maikolofoni ikakhala yaing'ono. Ndiye funde limadutsa pakati kangapo lisanamalize ulendo umodzi, LM393 n'kumawerenga kudutsa kulikonse.

Yambani ndi LM358. Pa 5 V imalekeza pafupifupi 3.5 V, choncho mukaika pakati pa funde pa 2.5 V, pamwamba pamadulika msanga. Gawani magetsi ndi 18k kumtunda ndi 10k kumunsi, pakati pakhale 1.8 V.

Kenako sefani mawuwo asanafike pa LM393. Fyuluta ya Sallen-Key ya ma resistor awiri a 22k, capacitor ya 100 nF yochoka pomwe akumana kupita kotulukira op-amp, ndi ina ya 47 nF yopita ku ground, imadula pa 105 Hz. Harmonic yachiwiri imatsika kupitirira theka poyerekeza ndi liwu lenileni. Kuipa kwake, nsambo yaing'ono ya 329.63 Hz idzangotsala pafupifupi gawo limodzi mwa khumi, ndiye pafunika switch yosinthira ma resistor malinga ndi nsambo.

LM393 nayo ipatseni hysteresis, mpata wa pakati pa pomwe imayakira ndi pomwe imazimira. Mawu alowe pa mwendo wa + kudzera pa 10k, 220k ichoke kotulukira kubwerera pa mwendo womwewo, ndipo musaiwale pull-up ya 4.7k chifukwa chipangizochi sichikweza chokha magetsi kotulukira. Mupeza mpata wa pafupifupi 0.2 V, timafunde ting'onoting'ono sitidzaigwedezanso.

Kuwerenga ma pulse pa sekondi kulekeni. Kuphonya kwa 1 Hz pa nsambo imeneyi ndi ma cent 21 (ma cent 100 ndi mtunda wa fret imodzi ya gitala), khutu la woimba aliyense limamva zimenezo. Yezani kutalika kwa funde limodzi: lowetsani pa pini 8, yomwe ndi input capture ya Timer1, prescaler, yomwe imagawa liwiro la wotchi, ikhale 8. Funde la 12.13 ms lipereka pafupifupi 24270, nambala yokwana bwino mu ma bit 16.

wayawofiira:
Zikomo akulu, zamveka. Koma switch ya nsambo iliyonse sindikuifuna. Ndimafuna kazizindikira kokha.

tau_130:
Mukatero LM393 ichotseni, mawu alowe pa A0. Koma FFT pa Uno sikuthandizani. ADC, yosandutsa magetsi kukhala manambala, ikamayenda yokha ndi prescaler ya 128 imatenga ma sample 9615 pa sekondi. FFT ya ma sample 256 imagawa mawu m'zigawo za 37.6 Hz, pamene E ndi F kumunsiko zimangosiyana ndi 4.9 Hz. Kuikulitsa mokwanira sikutheka, RAM ndi 2 KB yokha. Ngakhale ikanatheka, nsonga yaitali kwambiri ikanakhalabe ya harmonic yomwe ija.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi YIN, ya de Cheveigné ndi Kawahara ya mu 2002. Nzeru yake ndi yakuti funde mumaliyerekeza ndi lokha mutalisuntha pang'ono. Tengani ma sample 400 a ma bit 8, poyatsa ADLAR n'kumawerenga ADCH yokha. Pa kusuntha kulikonse, kuyambira 1 mpaka 130, chotserani sample iliyonse ku inzake ya kutsogolo, yankho mulichulukitse ndi lokha, n'kuwonkhetsa zonse za ma sample 256 mu long. Pomwe kusunthako kwafanana ndi kutalika kwa funde, chiwerengero chimagwa pafupi ndi ziro. Pa nsambo yanuyo ndi cha pa 117.

Apa m'pamene ambiri amasokoneza. Chiwerengero chilichonse muchigawe ndi avareji ya zonse kuyambira pa 1 kufika pomwepo, kenako mutenge chigwa choyamba (pomwe chiwerengero chagwa) chotsika pansi pa 0.15, osati chakuya kuposa zonse. Mukasankha chakuya, nthawi zina mudzagwera pa mafunde awiri, sikirini n'kuonetsa theka la frequency. Malirewo mukawakweza kwambiri, harmonic yachiwiri idzalowa n'kukubwezerani ku 165. Pakapanda chigwa chofika pamenepo musaonetse kanthu, ndi phokoso chabe.

Chomaliza n'chosathawika: parabolic interpolation, yopezera pansi penipeni pakati pa ma sample, pa chigwacho ndi anzake awiri a m'mbali. Nsambo yaing'ono ili ndi ma sample 29 okha pa funde, kuphonya imodzi ndi ma cent pafupifupi 58. Frequency ndi 9615 kugawa ndi kusuntha komwe mwapeza, ma cent ndi 1200 kuchulukitsa log2 ya frequencyyo itagawidwa ndi yoyenera. Fyuluta isachoke, koma idule cha pa 1 kHz.

ohm_zikwikhumi:
Ndikugwirizana nazo. Ndiwonjezepo za wotchi, chifukwa njira zonse ziwiri zimadalira iyo. ATmega328P ya pa Uno R3 imayendera ceramic resonator, yomwe imatha kuphonya ndi 0.5%, kutanthauza ma cent oposa 8. Imbitsani foloko yochunira ya 440 Hz pafupi ndi maikolofoni, gawani 440 ndi nambala yomwe yatuluka, yankho mulisunge mu EEPROM, memori yosafufutika magetsi akazima, kuti lizichulukitsa zoyeza zonse.

Komanso nsambo ikangokhudzidwa liwu limayamba lokwera pang'ono n'kumatsika likamazirala. Tayani 100 ms yoyamba, ndipo pa zoyeza zisanu zotsatizana muzionetsa yapakati mutazisanja, osati avareji, kuti imodzi yosochera isakoke zinzake.