Mnzanga washota ndalama pa kauntala, akufuna ndimubisire. Nditani?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Dzina ndabisa chifukwa anzanga a kuntchito ali mommuno.

Ndine telala, wolandira ndi kupereka ndalama pa kauntala, pa banki ina ku Old Town. Dzulo kunali chipwirikiti, aboma atalandira, kuphatikiza alimi ochokera ku okushoni ku Kanengo, mzere mpaka pakhonde. Powerengera ndalama madzulo, mtsikana wa kauntala yoyandikana ndi yanga anapeza kuti washota K90,000. Akuganiza kuti polipira kasitomala wina anasokoneza ma K5,000 ndi ma K2,000. Chifukwa cha mantha, pa fomu analemba kuti zonse zakwanira.

Tsono tamva kuti mawa kubwera owerengera ndalama. Wandipempha kuti nditapeko K90,000 m'kabati mwanga, aike mwake, akangomuwerengera andibwezera. Amalankhula manja akunjenjemera, misozi ili mbwembwembwe. Mwanayu sanamukhazikitse pantchito, ndipo ndiye akulipirira azing'ono ake sukulu. Komanso bambo anga atamwalira, iyeyu anagona pa siwa ku Mitundu, n'kumaphika ndi azimayi ngati wachibale. Ndimukane bwanji munthu wotere? Koma nanenso ndili ndi ana.

Bambo wa ku Area 25:
Achemwali, musayerekeze. Ndinakhalapo supavaiza wa matelala. Owerengera satsata ndondomeko yomwe inu mukuganiza, akhoza kutseka makabati onse nthawi imodzi, kapena kuyambira kwa inuyo. Ndipo kamera ili pamutu panu. Kushota kumachitika, ngakhale kwa akale pantchito, ndipo kawirikawiri amangokudula pamalipiro pang'onopang'ono. Chomwe sakhululuka ndi kubisa. Mukasuntha ndalamayo, nkhani ya munthu mmodzi isanduka ya anthu awiri ogwirizana kuba. Mawa mulawirire, mumuperekeze kwa supavaiza banki isanatsegulidwe, akanene yekha za kushotako ndi za fomu ija. Supavaizayo ayang'ane kamera ndi masilipi a dzulo. Kasitomala akadziwika amamuimbira foni, ndipo ena amabweza ndithu.

Mayi wa ku Kawale:
Ine ndiye ndikuti mubwerekeni za m'thumba mwanu. Mulibe chipereganyu ku ofesiko? Sonkhani, mwana aike ndalamayo, nkhani ithe. Lero ndi iye, mawa ndi inu.

Bambo wa ku Area 25:
Mayi, kusonkha n'kwabwino, koma ayambe wanena. Akaika mwakachetechete, ndiye kuti fomu yabodza ija yatsala momwemo, ndipo telala saloledwa kusakaniza ndalama zake ndi za m'kabati. Musonkhe zoti adzabwezere banki poyera.

Membala wina:
Kuntchito kulibe chibale. Mwana wanu adzadya chifundo?

Mlongo wa ku Biwi:
Mawu amenewo ndi omwe akuononga maofesi athu. Munthu watsopano amamusiya yekha pa kauntala tsiku la malipiro, wina osamuyang'anako n'komwe, akalakwitsa aliyense n'kuyang'ana kumbali. Ndiye mukudabwa kuti anabisa? Achemwali, muuzeninso kuti lamulo la Employment Act la 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito pa mlandu asanapatsidwe mpata wodziteteza, ngakhale kuti amene adakali pa nthawi yoyesedwa chitetezo chake n'chochepa. Zikavuta, ofesi ya zantchito ilipo, ndi khoti loweruza nkhani zantchito la Industrial Relations lilipo konkuno ku Lilongwe. Alembe lipoti lake usiku uno, mutu uli pamalo, ndipo asunge kope.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Ndamuimbira, walira kwambiri koma wavomera kuti tikaonane ndi supavaiza 7 koloko. Mwezi uno ndimugawirako ya thiransipoti akayamba kumudula. Funso lina kwa bambo a ku Area 25: poti ine ndadziwa nkhaniyi kuyambira dzulo madzulo, kodi nanenso ndilembe lipoti langa, kapena ndidikire andifunse?