Osula zitsulo akusiya ng'anjo, aliyense wathamangira ku alchemy

Wolinganiza_Chuma

Anzanga, ndathedwa nzeru ndipo patch yotsatira (zosintha zimene timatulutsa m'masewera) yayandikira. M'masewera a pa intaneti amene tikupanga wosewera amaloledwa ntchito zamanja ziwiri zokha, koma pa seva (malo amene osewera amakumana) pafupifupi aliyense wathamangira ku alchemy, ntchito yopanga mankhwala ndi zitsamba, osula zitsulo akusiya ng'anjo zawo. Potion (mankhwala akumwa) imamwedwa n'kutha, mawa munthu amabweranso kudzagula ina, pamene lupanga akagula kamodzi ndiye kuti basi, ndipo akangogwetsa boss (mdani wamkulu) woyamba wa raid (nkhondo ya gulu lalikulu la osewera) amatola labwino kuposa limene wosula angapange. Pa auction house, msika wa m'masewera, malupanga atsika mtengo kuposa chitsulo chimene chalowamo, chifukwa anthu akungowasula pofuna kukweza skill (luso) n'kuwataya pamsika. Tachepetsa zitsamba, koma opanga mankhwala angokweza mitengo n'kulemera koposa kale. Mabwana akufuna kuti tipatse osula bonasi ya mphamvu pankhondo. Alipo amene anakonzapo zoterezi osagwetsa chuma chonse?

Wakale_pa_Raid

Achimwene, bonasi imeneyo musayerekeze n'komwe. Mu World of Warcraft, nthawi ya gawo la Burning Crusade la 2007, osoka zikopa ankapanga ng'oma zowonjezera liwiro la gulu pomenya, ndipo magulu olimbikira anayamba kuuza anthu awo kuti asiye ntchito zimene ankazikonda, atenge zikopa, kuti ng'oma zisamaleke kulira. M'gawo lotsatira la Wrath of the Lich King a Blizzard, kampani yopanga masewerawo, anayesa kupatsa ntchito iliyonse kabonasi kofanana, mwachitsanzo osula ankatha kuboola malo owonjezera oikamo miyala pa magolovesi ndi zapamkono, koma osewera anangowerengetsera n'kupeza ntchito ziwiri zopambana zinzake. Mu 2014 mabonasi amenewo anachotsedwa. Mukapatsa osula bonasi mudzapeza osula ambirimbiri amene sasula kanthu.

Zida_Zizitha

Vuto lanu ndi limodzi lokha: katundu wanu satha. M'masewera a EVE Online chombo chikaphulitsidwa ndiye kuti chapita, n'chifukwa chake opanga zombo sasowa ogula. Star Wars Galaxies itatuluka mu 2003 zida zinkaperepeseka mpaka kutheratu, ndipo wosula waluso ankadziwika pa seva yonse. Ikani durability (malire a kulimba kwa chida) yoti lupanga likakonzedwa kangapo lithyoke.

Mayi_wa_QA

Bambo, osewera a EVE amalowa akudziwa kale kuti adzataya katundu, pamene anthu a mnzathuyu anabwera kudzapha ma boss ndi anzawo. Kumene ndinkagwira ntchito kale anaika lamulo lomwelo masewera ali pakati. Anthu anatsekera malupanga awo abwino mu banki, n'kumalowa mu dungeon (malo omenyana ndi adani) ndi zida zotchipa poopa kuti zabwinozo zitha, ndiye magulu ankagonja pa boss amene kale ankamupha mosavuta, ochiritsa n'kumanyozedwa popanda mlandu. Osula sanapindule, chifukwa chimene chinkagulidwa ndi lupanga lotchipa lija lomwe linali kale mbwee pamsika.

Zida_Zizitha

Mayi, zimenezo zikungosonyeza kuti manambala anali olakwika, osati lamulolo. Chinthu chosatha sichigulidwa kawiri.

Wa_Manambala

Musanakhudze chilichonse, achimwene, onani kaye ngati golide wa alchemy akupita kwa anthu ambiri kapena kwa maakaunti ochepa amene sagona, chifukwa zitsamba zimakopa ma bot (mapulogalamu osewera okha), ndipo mungalange wosewera wamba pa mlandu wa makina. Werengani phindu la pa ola la munthu wapakatikati, osati ndalama zonse pamodzi. Chachiwiri, malire a ntchito ziwiri ndi a papepala chabe ngati munthu angathe kutsegula ma alt (anthu owonjezera osewera nawo). Final Fantasy XIV inangolola kuti munthu mmodzi aphunzire ntchito zonse zisanu ndi zitatu, koma chenjezo ndi lakuti amene wamaliza zonse sagulanso zambiri kwa anzake.

Chimene ndingayese ine n'chakuti boss azigwetsa chipangizo chosowa m'malo mwa lupanga lathunthu, ndipo wosula yekha ndiye azitha kuchisandutsa chida. Ma crafting order (maoda opita kwa amisiri) amene anabwera ndi gawo la Dragonflight la World of Warcraft mu 2022 anatsata njira yofanana, kuti mwini zipangizo azilipira mmisiri. Mupatseninso wosula kanthu kakutha, monga mwala wonolera umene mphamvu yake imazirala pakapita ola. Koma samalani kuti mwalawo usakhale wokakamiza pa raid iliyonse, apo ayi mwabwerera ku ng'oma zija.

Zida_Zizitha

Mwala wonolera wakuthawo ndi mfundo yanga yomwe ija, mwangoichepetsa. Albion Online ili ndi Black Market ku mzinda wa Caerleon imene imagula zida za osewera n'kuzibweza ngati loot (zotola akapha adani), koma zimayenda chifukwa anthu amataya katundu akaphedwa m'madera oopsa.

Wakale_pa_Raid

Ndiye mwavomera nokha, akulu, kuti njirayo imadalira PvP (osewera kumenyana okhaokha) yolanda katundu, imene mnzathuyu sanatchule kuti ali nayo. A Wolinganiza_Chuma, tiuzeni, zida za raid kwanuko zimamatirira kwa munthu akangotola, kapena zimagulitsidwa? Ngati zimafika pamsika, yambani pamenepo musanakhudze zitsamba kachiwiri.