Za galimoto ya magetsi ija, ndasankha

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'kwanzeru kugula galimoto yapamwamba ya magetsi kwa banja la anthu 6 kuno ku Blantyre, poti malo otchajira a aliyense sanachuluke. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Ndasankha Kia EV9 ya mipando 7, batire yake ndi ya 99.8 kWh. Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi kuwerengera. Ulendo wanga wa tsiku lililonse, kusiya ana kusukulu, kupita ku Limbe, kubwerera ku Namiwawa, sufika makilomita 40. Ndiye ndidzatchajira pakhomo. Pa soketi wamba batire yotheratu imatenga maola oposa 40, koma chotchajira chapakhoma cha 7.4 kW chimatenga pafupifupi maola 14, ndipo katswiri wa zamagetsi wabwera kale kudzaona mawaya athu. Magetsi akazima usiku umodzi, batire yaikulu chonchi imandisunga masiku angapo. Mizere ya petulo ija sindidzaikumbukanso.

Achimwene amene munandichenjeza za mapulagi, munandithandiza kwambiri. Galimoto zambiri za magetsi zochokera ku Japan, monga Nissan Leaf, zimagwiritsa ntchito pulagi ya mtundu wa CHAdeMO, pomwe imene ndikuitanitsayi ili ndi pulagi ya mtundu wina, wa CCS2.

Nkhawa yatsala pa ulendo wa ku Lilongwe, makilomita oposa 300 pa M1. Kupita tifika, koma kubwerera kukufuna kutchaja komweko, ndipo ndi ana m'galimoto sindikufuna zongoyerekeza. Pick-up yathu yakale ya dizilo sitiigulitsa kaye.