Tchuthi chikutha ku Cahora Bassa, nsomba ndinyamule bwanji?

Nagama wa ku Ulongué: Abale, ndakhalitsa kuno kwa achimwene m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, Loweruka ndikubwerera. Usiku ndimangokhala pagombe kuonerera nyali za maboti a kapenta, mtima sukufuna kuchoka. Koma funso ndi ili: mcheni womwe alamu andisungira ndiupititse bwanji kwathu osawola, kutentha kwa Okutobala kumeneku?

Bambo a Tadala: Mayi, musayese waiwisi. Kuchoka ku Songo, tauni ya pafupi ndi nyanjayo, kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita pafupifupi 150, kenako mudikire chapa (minibasi) china chodzera ku Moatize. Ayezi asungunuka musanawoloke Zambezi. Ung'ambeni pamsana, thirani mchere wambiri, muuwambe pamoto wa nkhuni za tsanya mpaka uume gwa.

Mlongo wa ku Furancungo: Zoona. Kapentayo gulani wouma kale, muike m'thumba la saka, osati pulasitiki, amachita thukuta n'kununkha. Mcheni ngwaminga yambiri, ana muziwasankhira.

Nagama: Zikomo nonse. Alamu ayamba kale kusonkha moto. Achimwene akuti mawa tikwere boti komaliza, koma ine mvuu zija ndaziona, ndikhala kumtunda.