America ndi China: kodi akukanganirana chiyani, nanga ife zitikhudza bwanji?

Mwana wa ku Chisitu: Akuluakulu, pa wailesi tsiku lililonse ndi America ndi China basi. Phata la mkanganowu lili pati? Nanga ife a m'tsinde mwa phiri la Mulanje pano zitikhudza?

Nangozo wa ku Luchenza: Phata lake ndi Taiwan, achimwene. China imati chilumbachi n'chake. America inavomereza boma la China la ku Beijing mu 1979, koma chaka chomwecho inakhazikitsa lamulo loti izipatsa Taiwan zida zodzitetezera. Sinena poyera ngati ingalowe nkhondo Taiwan itaukiridwa, ndipo imatero dala: Beijing iziopa kuyamba, nayonso Taiwan isathamangire kulengeza ufulu. Komanso ma chip (tizipangizo timene timayendetsa mafoni ndi makompyuta) apamwamba kwambiri amapangidwa komweko, ku kampani ya TSMC.

Agogo a ku Bvumbwe: Zoona amayi, koma choopsa kwambiri ndi ngozi, osati nkhondo yochita kukonzekera. Mu April 2001 ndege ya akazitape ya America inawombana m'mwamba ndi ndege yankhondo ya China pafupi ndi chilumba cha China cha Hainan. Woyendetsa wa China anafa, ndipo anthu 24 a ku America anasungidwa masiku 11. Zinazirala chifukwa mbali zonse zinkalankhulana. Koma Nancy Pelosi, yemwe anali sipikala wa nyumba ya malamulo ya America, atapita ku Taiwan mu August 2022, China inadula zokambirana za asilikali, mpaka atsogoleri a mayiko awiriwa, Biden ndi Xi, atakumana mu November 2023. Sitima zankhondo kumadutsana pafupi, foni osayankhidwa, pamenepo ndiye pogona nkhani.

Phiri wa ku Chitakale: Zokhudza ife, yang'anani miyala. China imayenga pafupifupi 90 peresenti ya ma rare earth a padziko lonse, amene amapangira maginito a magalimoto amagetsi ndi ndege zankhondo. Mu April 2025 inakhwimitsa kagulitsidwe kunja ka mitundu 7 ya miyalayi, mafakitale akunja n'kuyamba kulira. N'chifukwa chake maso ali pa Songwe ku Phalombe ndi Kangankunde ku Balaka. Ngakhale ku Chambe pamwamba apa anafufuzako. Vuto si kukumba ayi, ndi kuyenga: pamafunika asidi wambiri, magetsi osazimazima, ndi malo otayira zinyalala zokhala ndi thorium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa (radiation). Pa phiri limene limamwetsa madzi mpaka Blantyre, nkhani ya zinyalalayo si yocheza.

Nangozo wa ku Luchenza: Musaiwalenso kuti a Bingu anasiya Taiwan kumapeto kwa 2007, ndipo MUST ku Ndata kuja inamangidwa ndi ngongole ya China. Mu Africa muno amene watsala ndi Taiwan ndi Eswatini yekha.