Zija ndinafunsa za bass ku Albert Falls, ndabwerako

Masabata atatu apitawo ndinafunsa chifukwa chimene nsomba zotchedwa bass zinkakanira nyambo yanga ku damu la Albert Falls, pa mtsinje wa uMngeni pafupi ndi Pietermaritzburg ku South Africa. Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka achimwene aja anati vuto si nyambo koma kuzizira kwa madzi. Munanena zoona.

Kumayambiriro kwa Seputembala madzi anali asanatenthe, nsomba zili pansi pakuya. Loweruka lapitali ndinapeza madzi afika madigiri 18, ndipo bass zasendera kumadzi osaya. Ndinaona ndi maso anga yamphongo itaima pachisa chake, kamalo koyeretsedwa bwino pafupi ndi chitsa chomira. Mtima unandikumbutsa zisa za chambo pamchenga kwathu ku Mangochi.

Spinnerbait, nyambo yopanga yokhala ndi tizitsulo tonyezimira tozungulira m'madzi, inagwira imodzi yokha m'mawa kuli kamphepo. Dzuwa litakwera, madzi ali bata, ndinamanga nyongolotsi ya pulasitiki yobiriwira mwa Texas rig, nsonga ya mbedza itabisika m'nyambo kuti isakole udzu, chingwe chili cha fluorocarbon, ulusi wowedzera wosaoneka bwino m'madzi. Chinsinsi ndi kusapupuluma. Ponyani, dikirani imire, kokani pang'ono, imani. Kudya kwake sikugwedeza ndodo ayi, mumangoona chingwe chikuyenda chammbali.

Ndinagwira zinayi, zonse ndinazibwezera m'madzi msangamsanga, chifukwa yamphongo ikachoka pachisa tinsomba tina timadya mazira. Sabata yamawa ndikayesa madzulo, nyambo yoyandama pamwamba.